Matebulo a pool ndi abwino, koma eni malo sanakonzekere ngozi

Ndakhala ndikupita pamalo ena osewerera pool kwa miyezi ingapo, ndipo pa matebulo ndilibe dandaulo: nsalu yake ndi yosalala, mipira imayenda mowongoka, ndodo zambiri n'zosapindika. Chimene chandikhumudwitsa ndi kuthithikana kwa matebulowo, komanso zimene ndinaona mnzanga atavulala.

Ndodo ya pool imatalika masentimita pafupifupi 147, choncho tebulo lililonse limafunika mpata wa mita imodzi ndi theka mbali zonse. Pamalowa mpatawo palibe, ndipo mipando ya odikira anaiika kumapeto kwenikweni kwa tebulo, moti nkhope ya munthu wokhala pansi imalingana ndi pamene mipira imayenda. Madzulo ena wosewera anamenya mwamphamvu potsegula masewero, mpira woyera unadumpha n'kukamugunda mnzangayo m'munsi mwa diso lamanzere. Ambiri amaupeputsa mpira wa pool, koma umalemera magalamu pafupifupi 170, kukula kwake ndi mamilimita 57, ndipo amaupanga ndi utomoni wolimba wotchedwa phenolic resin, umene sufewa ngakhale pang'ono ukagunda fupa.

Apa ndi pamene ogwira ntchito anaonetsa kuti sanaphunzitsidwe. M'bokosi la chithandizo choyamba munali mapulasitala ochepa okha. Mmodzi anabweretsa madzi oundana n'kufuna kuwakanikiza padiso penipeni, wina anatulutsa aspirin m'thumba mwake. Onse anali ndi mtima wothandiza, sindikukana, koma kukanikiza diso lovulala kungathe kuwonjezera vuto ngati lang'ambika, ndipo aspirin amachititsa kuti magazi achedwe kuundana, chinthu choopsa ngati akutuluka m'kati mwa diso. Mnzangayo atanena kuti akuona zinthu ziwiriziwiri, tinakana zonsezo ndipo tinapita naye kuchipatala.

Kumalo olandirira ovulala mwadzidzidzi anamuyeza maso, kenako makina ojambula m'kati mwa thupi otchedwa CT anaonetsa kuti kafupa kopyapyala kamene kali pansi pa diso kasweka. Dokotala anafotokoza kuti chinthu chachikulu kuposa bowo la diso chikagunda pamenepo, mphamvu yake imathera pa mafupa opyapyala ozungulira disolo. Anamuletsa kumina kwa masiku angapo kuti mpweya wa m'mphuno usalowe kuseri kwa diso, ndipo mwamwayi opaleshoni sinafunike.

Woyang'anira malowa ndimuyamikira pa chimodzi: anapeza galimoto mwamsanga, ndipo m'mawa mwake anaimba foni kufunsa za wodwalayo. Koma nditabwererako patatha milungu iwiri, mipando ija inali pomwe paja, bokosi lija lilinso chimodzimodzi. Ndimasewerabe kumeneko chifukwa cha matebulo, koma ndimadikira nthawi yanga nditaimirira kukhoma, ndipo ana sindingapite nawo mpaka eni ake atachotsako tebulo limodzi.