Chitsulo chotchipa chakunja, kapena msonkho woteteza chathu?

Mukadutsa ku Kalingalinga mumzinda wa Lusaka, m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, mumaona anyamata akuwotcherera mageti, moto ukuthetheka mpaka pamapazi. Kwa iwowa chitsulo chotchipa chakunja ndi chipulumutso: geti likatsika mtengo, kasitomala sabwerera chimanjamanja.

Msonkho woteteza, umene boma limaika pa katundu wakunja wogulitsidwa motchipa mopanda chilungamo, nawonso uli ndi malo ake, koma saika chiikeike. Malamulo a WTO, bungwe loona za malonda pakati pa mayiko, amafuna kafukufuku wotsimikizira kuti chitsulocho chikugulitsidwa kuno motchipa kuposa kwawo komwe, komanso kuti mafakitale athu akuvulaladi. Msonkhowu umatha pakapita zaka 5 ngati sunaunikidwenso.

Pa zitsulo zomangira nyumba zimene amapanga ku Kafue, ine ndingauvomereze, chifukwa kumeneko kuli ntchito za abale athu. Koma pa chitsulo chimene sitipanga kuno, msonkhowo ungopana wowotcherera uja.