Sukulu ya zojambula ku Kasungu: luso lilipo, koma satifiketi ilibe mphamvu

Mng'ono wanga wamaliza maphunziro a miyezi itatu a kujambula zithunzi ndi kulemba zikwangwani pa kasukulu kena ka pa boma la Kasungu, ndipo pa kaphunzitsidwe ndilibe dandaulo. Aphunzitsi ankakhala pambali pa wophunzira aliyense pomuonetsa kasakanizidwe ka penti ndi kagwiridwe ka bulashi, moti lero mnyamatayu akulemba zilembo zowongoka bwino pa zipupa za magolosale.

Chimene chandikhumudwitsa ndi satifiketi yake, chifukwa sukuluyi sinalembetse ku TEVETA, bungwe limene limavomereza maphunziro a ntchito zamanja m'dziko muno, ndipo ine ndinalipira fizi osafunsa zimenezi. Atakafunsira ntchito ku Lilongwe, abwana anangoliyang'ana kamodzi pepalalo n'kumubwezera.