Ndachotsa marimu a 18 pa Hilux, ndaika a 17 ndi matayala a all-terrain

Abale amene mumayenda ndi bakkie pakati pa Joni ndi kumudzi, marimu akuluakulu aja ngokongola pa chithunzi koma msewu wodzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka ku Mwanza sufuna zimenezo, makamaka galimoto itasenza mafiliji ndi zikwama za anthu. Hilux yanga inali pa matayala a saizi 265/60R18 (marimu a mainchi 18), pano ili pa 265/65R17 (mainchi 17) a all-terrain, oyenda pa tala ndi pa fumbi pomwe, ndipo ndakhutira kwambiri. Ntchitoyi anandigwirira pa kashopu kena ka matayala cha ku Booysens, ndiye ndati ndikuuzeni mmene zinayendera.

Chimene ndinawakondera ndi chilungamo. Ine ndinkafunanso matayala a winter chifukwa nthawi zina ndimatsika ku Durban, ndipo mukukumbuka September 2024 mmene sinowo inatsekera msewu wa N3 cha ku Van Reenen anthu nkugona mmagalimoto. Mkulu wa pashopupo anandiuza kuti achimwene musataye ndalama, labala wa matayala amenewo ndi wofewa, amagwira bwino kukazizira pansi pa madigiri 7, pomwe kuno June ndi July kumazizira mmamawa ndi usiku basi, masana dzuwa lili phwee msewu uli gwa. Ku Joni sinowo inagwa July 2023, isanagwe apo inali 2012. Ndiye tangoganizani labala wofewayo pa kutentha kwa ku Tete mu October, angathe ngati sopo. Munthu wofuna ndalama akanangondigulitsa.

Za marimu ndinkafuna nditsike mpaka 16, anaika limodzi kutsogolo nkulizungulitsa ndi dzanja, ndinamva ndekha likukhula pa caliper ya mabuleki, ndiye tinakhazikika pa 17. Apa chenjerani amene mumagula marimu pa Facebook Marketplace osayesa. Hilux ndi Ranger onse ali ndi mabowo 6 a manati oyalidwa mofanana (139.7 mm) koma bowo lapakati ndi losiyana, la Ranger ndi laling'ono, silingalowe pa Hilux olo mutalimbana nalo bwanji.

Ubwino wake rimu yachepa koma tayala lonse kutalika ndi chimodzimodzi, 775 mm kale pano 776, ndiye sipidomita sikunama ndipo sipakhula paliponse ndikakhota. Mnofu wa mmbali ndi umene wakula, kuchoka pa 159 kufika pa 172 mm, ndipo umamveka ukagunda pothole, galimoto siimenya mmsana ngati kale. Mmatope akumudzi nthawi ya dzinja ndimachotsako mpweya pang'ono nkudutsa bwinobwino.

Zodandaula zilipo. Matayala amano akuluwa amalira pa M1 ukathamanga, wailesi umachita kukweza, ndipo dizilo ikupita mofulumirako pang'ono. Pashopupo Loweruka pamadzaza zedi, ndinadikira mpaka njala, komanso mnyamata wina anamanga manati ndi chimfuti champweya chija mothinitsa kwambiri moti ndinapempha amasule amangenso ndi torque wrench, sipanala yoyeza kuthina kwa manati, chifukwa ukaponcha pakati pa Mutoko ndi Nyamapanda usiku sipanala yapamanja singamasule zimenezo. Anachita osanyinyirika, balansi ndi alaimenti anapanganso bwino, chiwongolero sichikunjenjemera.

Mukamagula yang'anani manambala 4 omaliza pa mzere woyamba ndi zilembo za DOT mmbali mwa tayala, awiri oyamba ndi sabata awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa, pena amagulitsa latsopano koma lokhalitsa mu sitolo. Ndipo sipeya musaiwale, nayo ikhale saizi yomweyo.