Ajenti oyang'anira nyumba za lendi pa Nchalo: kutolera amatha, koma zokonzetsa musawasiyire

Anthu angapo akhala akundifunsa za kaofesi kamene kamandiyang'anira mdadada wanga pa Nchalo, ndiye ndangoti ndilembe pano kamodzi aliyense awerenge yekha. Dzina sinditchula. Ndi anyamata awiri ndi mayi mmodzi wosunga mabuku, njinga yamoto imodzi, basi. Ine ndimagwira ntchito ku Blantyre ndipo zomatsika Thabwa mwezi ndi mwezi kukatolera lendi ya tizipinda tochepa, ndi mitengo ya minibasi masiku anoyi, phindu lonse limathera panjira.

Mgwirizano wathu ndi wapafupi, iwo amapeza anthu olowa, kulembetsa agirimenti, kutolera lendi, kuchotsapo 10 peresenti yawo, yotsalayo amanditumizira pa Airtel Money kapena Mpamba. Apa sindinganame, amatha. Pofika pa 5 ndalama imakhala yalowa, ndipo ngati wina wachedwa amandiuziratu kuti wa chipinda chakumapeto malipiro sanalandire, tidikire sabata. Kale ndikutolera ndekha ndinkangomva za maliro mwezi uliwonse, munthu mmodzi agogo ake kumwalira kangapo konse, ndiye iwe ndi nkhope yako yachibale unena chani. Mayi aja alibe nazo zimenezo, amapepesa malirowo mwaulemu wonse kenako n'kutsegula buku.

Chimene ndinawakondera kwambiri n'choti Nchalo amaidziwa mmene imapumira. Tauni imeneyi imayenda ndi nzimbe. Fakitale ya Illovo ikayamba kugaya cha mu Epulo muja anthu amadzaza, odula nzimbe, oyendetsa mathirakitala, azimayi ogulitsa zakudya, a kabaza, aliyense akufuna chipinda ndipo mtengo uliwonse ungatchule wina alowa. Koma mvula ikayandikira sizoni n'kutha, a ganyu ya sizoni amanyamula mphasa kubwerera kwawo, iwe n'kutsala ndi zitseko zokhoma mpaka dzinja lithe. Ine maso anali pa mtengo wokwerawo. Mayi aja anandiuza kuti, "Achimwene, bola munthu wolipira pang'ono koma wokhalitsa, chipinda chikagona chokha miyezi itatu mwaluza chaka." Ndiye anasakaniza, zipinda zambiri anaikamo aphunzitsi, namwino ndi bambo wina wa ntchito yokhazikika ku esiteti, ziwiri zokha n'zimene amazisiyira a sizoni. Kuyambira pamenepo Januwale sindimuopanso.

Nkhani ya madzi ndiye ndi imene ndingawalipirire ngakhale osanditolera lendi. Chaka chatha ndinafuna kugula puloti ina, wogulitsa anandionetsa mu Okotobala, malo osalala bwinobwino, ouma gwa, mtengo wake wokoma moti ndinkafuna kupereka tsiku lomwelo. Mmodzi wa anyamata aja anati tiyeni tizungulire kaye kuseri kwa maneba. Anandiimika pa khoma la bafa la nyumba yoyandikana nayo, njerwa zosapaka pulasitala, ndipo pamenepo panali mzere wa matope wowongoka ngati wojambula ndi rula, wondifika m'chiuno, pansi pake njerwa zafumbutuka ukakanda ndi chala zikungoyoyoka. Akuti umenewo ndi wa madzi a namondwe Freddy, Malichi 2023, ndipo cham'munsi pang'ono panali wina wofwifwa wa Ana, Januwale 2022, namondwe yemwe uja anawononga Kapichira dziko lonse n'kukhala mumdima. Wogulitsa anangoti aaa madziwo anangodutsa sanakhalitse. Puloti ndinaisiya.

Ndipo zimenezi zasintha msika wonse kuno kuchigwa. Munthu wofuna nyumba masiku ano asanafunse mtengo amayamba wafunsa kuti madzi amafika? Amene anaona madzi osefukira a 2015, 2019, kenako Ana ndi Freddy motsatizana simungamunamize. Nyumba za pamtunda lendi ikungokwera pomwe za kumunsi anthu amalowa mu Meyi kutuluka mu Disembala. Funso lachiwiri ndi la madzi akumwa, chifukwa mijigo yambiri kuno ndi yamchere, sopo sachita thovu, tiyi sakoma, ndiye nyumba ya mpopi wa Water Board imapita msanga ngakhale ikhale yoipa nkhope. Kwathu ku Ngabu kulinso vuto lina la dothi la makande, lija limang'ambika m'chilimwe n'kufufuma mvula ikagwa, mukaumira simenti pa fawundeshoni khoma limang'aluka nyumba isanathe zaka ziwiri. Zonsezi anyamatawa amazidziwa mudzi ndi mudzi.

Pa mapepala amanena chilungamo kuti iwo si maloya. Malo ambiri ogulitsidwa kuno ndi a makolo, umangopatsidwa kalata ya amfumu, ndiye amaumirira kuti abale a wogulitsayo akhalepo ndi kusaina, osati mphwake mmodzi wogulitsa mwakabisira amalume ali kumunda, komanso kuti mukafunse ku ofesi ya malo kwa DC. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola kulembetsa malo otere, koma ambiri sanalembetse, choncho puloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu awiri si zachilendo.

Tsopano zoipa zake, ndipo zilipo.

Zokonzetsa. Mayo ine. Chimbudzi chakunja chinatitimira ndi mvula, zimachitika, nthaka yake ndi imeneyi. Koma m'malo mondiimbira anangokumbitsa china n'kudula pa lendi, ine ndikuona ndalama yalowa yoperewera theka, kufunsa ndiye akunditumizira chithunzi cha pepala la m'kope lolembedwa ndi bolopeni, simenti matumba akuti, waya, mchenga, mmisiri, thiransipoti, popanda risiti ya ku hadiweya ngakhale imodzi. Nditatsika kukaona silabu yake ndinaitana bilidala wina amene ndimamudziwa, anangoiyang'ana, kuigogoda ndi chidendene n'kuseka, akuti matumba alembedwawo akanakwana zimbudzi ziwiri. Kuwafunsa, yankho ndi lomwe lija la aliyense, zinthu zakwera bwana. Inde zakwera, kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 kenako 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti ndi malata aliyense akudziwa mmene zinathamangira, koma kugwa kwa kwacha kumakweza mtengo wa thumba, sikuchulukitsa matumba. Zinabwerezanso pa loko ndi pa mpopi wodontha, tindalama tochepa koma nthawi zonse topanda risiti.

Za magetsi anandikhumudwitsanso. Mdadada wonse unali pa mita imodzi, ndiye mu Okotobala ndi Novembala kutentha kukapitirira madigiri 40 aliyense fani usiku wonse, mayi wina ali ndi filiji ya mafirizesi ogulitsa, wina ali ndi babu limodzi ndi tchaja basi, koma mayuniti asonkhe mofanana. Mkangano tsiku ndi tsiku mpaka mphunzitsi wanga wabwino uja anatsala pang'ono kusamuka. Ajenti anangoti zimenezo akambirane okha. Pajatu 10 peresenti ija ndi ya chani? Ndinachita kutsika ndekha kukakhazika anthu pansi.

China ndinamva kwa alendi anga omwe, akuti ofuna nyumba amalipitsidwa ya kaonedwe, ndipo nthawi zina amakawaonetsa nyumba yoti yatengedwa kale, ndalama osabweza. Kwa ine landilodi sizindikhudza m'thumba koma dzina limene limaipa pamudzi ndi la mwini nyumba. Amakondanso kundikakamiza kukweza lendi pafupipafupi, zomveka poti komishoni yawo imakwera nayo, koma malipiro a mphunzitsi sakwera choncho ndipo ndi iwo omwe anandiphunzitsa zosunga munthu wokhalitsa.

Akayamba kukutsatsani mapuloti muzichotserako pang'ono. Pano nyimbo yawo ndi ngalande ya mthirira ya Shire Valley Transformation ija yochokera ku Kapichira, akuti gulani lero mawa kuno kukhala tauni. Ngalandeyo ndi yeniyeni, ikukumbidwa, taiona ndi maso. Koma ife a kuno timakumbukiranso 2010 pomwe a Bingu wa Mutharika anatsegulira doko la Nsanje, anthu anathamangira malo poganiza kuti mzinda wafika, sitima zake mpaka lero sizinabwere. Ine puloti ndimaiwerengera ndi anthu amene angalowe chaka chino, osati a m'maloto.

Ndiye kwa amene mumafunsa kuti ndiwapatse nyumba yanga kapena ayi, ngati mumakhala kutali apatseni, makamaka ngati mukufuna kugula malo ndipo derali simulidziwa, ayendeni nawo. Koma mu agirimenti mulembe kuti asadule kalikonse pa lendi musanavomere, chokonza chilichonse atumize chithunzi kaye ndi risiti pambuyo, dipoziti ya alendi muzisunga nokha. Ine pano zokonzetsa zonse ndinapatsa alamu anga a ku Ngabu, amakwera minibasi kukaona, ajenti angotolera basi. Sanakondwe nazo, mayi aja anakhala masabata angapo akundiyankha mawu amodzi amodzi pa WhatsApp, koma ndalama ikubwera yathunthu. Pa nyenyezi zisanu ndawapatsa zitatu, yachinayi adzaipeza akadzagula buku la marisiti.