Mackie Big Knob Passive: kabokosi kabwino ndithu, koma pobaya hedifoni palibe

Anthu amene amabwera kudzajambula kwanga amakonda kufunsa za kabokosi kachitsulo kali pakati pa kiyibodi ndi interface (kabokosi kolumikiza maiki ndi masipika ku kompyuta), ena amaganiza kuti ndi interface yachiwiri, ena akuti ndi ampu. Ayi ndithu. Ndi monitor controller, Mackie Big Knob Passive, ntchito yake ndi kulandira mawu kuchokera ku interface n'kuwapereka ku masipika, iwe n'kumakweza kapena kutsitsa ndi chibatani chachikulu chopotokola chili pakatipo. Basi. Sikajambula, sikawonjezera besi, sikakonza mikisi yoipa. Ngati mukuganiza kuti mukangokalumikiza nyimbo zanu ziyamba kumveka ngati za ku Johannesburg ndiye ndalamazo sungani mugule zina.

Mackie ndi kampani ya ku America, anaiyambitsa Greg Mackie mu 1988, ambiri timaidziwira pa mamikisa aja a m'matchalitchi ndi a ma band. Big Knob zilipo zitatu, Passive, Studio ndi Studio+, ndipo Passive ndiye kamng'ono, kotchipa pa zonse. Kumbuyo kuli polowetsa pawiri, A ndi B, ma jack aakulu a TRS (a mizere iwiri aja), ndipo ku B kulinso kajack kakang'ono ka 3.5 mm kolumikizira foni kapena laputopu. Potulutsa ndi pawirinso, ndiye kuti mapeyala awiri a masipika. Pamwamba pali chibatani chija ndi timabatani tosindikiza: kosankha gwero, kosankha masipika, mono, mute ndi dim. Palibe getsi, palibe sikirini, palibe chingwe cha magetsi. Kakalowa m'chikwama cha laputopu pamodzi ndi interface umangomva kulemera kwa chitsulo basi, ndipo kulemerako n'kwabwino chifukwa sikamatsetsereka pa tebulo zingwe zikamakakoka kumbuyo.

Za kusafuna magetsizi tinene zoona, chifukwa ndamvapo wina akuchemerera ngati kuti kamathetsa vuto la kuzima kwa magetsi. Magetsi akapita masipika anu a KRK kapena a Yamaha HS5 azima basi, poti ampu yawo ili mkati, kabokosi kakhala phee kalibe chochita. Phindu lake lili pena. Ndi adaputala imodzi yochepa pa extension yodzaza kale ija, palibe chokoka pa inveta, palibe choti chipse magetsi akabwera mwaukali, komanso simudandaula kuti kanachokera ku America kwa 120V pomwe ife kuno ndi 230V, kapena kuti pulagi yake ndi ya mapini ozungulira a ku South Africa ife soketi zathu ndi zamakona zija za ku UK. Kwa munthu woyenda ndi zida, lero ali kutchalitchi akujambula kwaya mawa ali kunyumba kwa woimba, chinthu chosafuna soketi ndi mtendere weniweni.

Koma chimene ine ndimakakondera ndi batani la mono, lophatikiza mawu a kumanzere ndi a kumanja kukhala amodzi, ndipo apa ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi pomwe ambirife timagwera. Timamikisa titakhala pakatikati pa masipika awiri, mutu uli pamalo pake, ma pad a kiyibodi tawatambasula ndi stereo widener, ma backing vocal ena kumanzere ena kumanja tawachedwetsa pang'ono kuti amveke otakasuka, zonse zikukoma. Nanga womverayo amvera pati? Pa sipika ya foni, pa kabluetooth ka sipika imodzi kali pa shelefu mu shopu, pa kawailesi, mu minibasi momwe wakhala mpando wakumbuyo sipika imodzi ili kukhutu inayo mwina inafa kalekale. Kumanzere ndi kumanja zikaphatikizidwa kukhala chimodzi, mawu aliwonse amene mafunde ake akutsutsana amadyana okhaokha, ndiye piyano imene imadzaza chipinda ija imangosanduka kakang'ono kowonda, nthawi zina gitala amasowa kumene, vokolo n'kutsala yokha pamwamba ngati ikuimba popanda zida. Besi ya log drum kapena 808 ukaipatsa chorus kapena widener ndiye zimaipiratu, mphamvu ya pansi ija imathawa. Mono ulipo mu DAW (pulogalamu yojambulira ndi kumikisira pa kompyuta) inde, mu FL Studio muli kabatani ka stereo separation pa master, mu Cubase ndi mu Studio One namonso njira ilipo, koma tinene chilungamo, ndi angati amakumbukira kukafufuza ndi mbewa pakati pa ntchito? Batani likakhala pansi pa chala umangodina vesi ili mkati, kumva, kudinanso, osayimitsa nyimbo. Ine masiku ano mabalansi oyamba a vokolo ndi sineya ndimapanga mono ali wodinidwa, ndikamasula ndiye stereo imangokhala bonasi.

Kusintha masipika nakonso ndi kofunika kuposa momwe ndinkaonera pa chithunzi. Ku A kuli masipika anga enieni, ku B ndinaika timasipika totchipa ta pa kompyuta tokhala ndi ampu yake mkati, timene besi mulibiretu. Si nzeru yatsopano iyi, ma situdiyo akuluakulu akhala akuika ka Auratone kapena ma Yamaha NS-10 pambali pa masipika odula kuyambira zaka za m'ma 1970 ndi 1980, cholinga chake ndi chomwecho, kumva chimene munthu wamba amve. Ukadina B besi gitala n'kusowa ndiye wadziwa kuti ikufunika kakuwala kapamwamba pang'ono kuti izimveka ndi pa foni pomwe. Dziwani kuti batanilo ndi la A kapena B, sizilira pamodzi, ndiye amene mukufuna kuyatsa ndi kuzimitsa subwoofer payokha masipika akulira kabokosi aka sikakuchitirani. Mbali ya polowetsa, ku B ndimabaya foni. Woimba akabwera ndi nyimbo yomwe akufuna kuti yake imveke choncho, timaiseweretsa pa masipika omwewo n'kumasinthana ndi mikisi yathu, kungoti muyambe mwalinganiza mavoliyumu chifukwa nyimbo yomasita kale imakhala yokwera, ndipo khutu limanama, chokwera chimamveka ngati chabwino nthawi zonse.

Dim imatsitsa mawu ndi 20 dB osasuntha chibatani, ndiye foni ikalira kapena woimba akufuna kunena kanthu umadina, mukamaliza n'kubwerera pa voliyumu yomweyo ndendende. Zikuoneka zazing'ono koma voliyumu yokhazikika ndi nkhani. Akatswiri ofufuza za mawu Fletcher ndi Munson anaonetsa kale mu 1933 kuti khutu la munthu silimva besi ndi mawu apamwamba mofanana voliyumu ikasintha, pansi besi imamveka yochepa, ukakweza imatuluka. Ndiye ngati ukungokwezakweza n'kutsitsatsitsa, ukumikisa chinthu chosuntha. Ine ndinamata kachidutswa ka tepi pambali pa chibatani, pamenepo ndi pogwirira ntchito, kukweza ndi pongosangalatsa kasitomala kwa mphindi imodzi. Makutunso akufunika kuwasamala akuluakulu, mlingo wa NIOSH, bungwe la ku America loona za chitetezo ndi umoyo pa ntchito, umati 85 dB ndi maola 8, ndipo ukawonjezera 3 dB nthawiyo imadulidwa pakati, ndiye ife tokhala mu kachipinda kakang'ono usiku wonse biti ili pamwamba tiziganizirako. Mute ndiye wothandiza maiki ikakhala m'chipinda chomwecho ndi masipika, musanadine record mwadina mute, palibe kulira kwa feedback, palibenso biti kulowa mu maiki. Laputopu ikachita zake zija, pulagini yasokonekera n'kutulutsa phokoso pa full, dzanja limafika pa chitsulo msanga kuposa mbewa.

Tsopano vuto, ndipo ndi lalikulu kwa ambiri a ife. Pobaya hedifoni palibe. Si nkhani yobisika, kabokosi kopanda magetsi sikangayendetse hedifoni poti pamafunika ampu, koma anthu amagula asanaganizire kuti theka la ntchito ya mu home studio imachitikira pa mahedifoni, usiku aneba akagona, komanso nthawi yonse yojambula vokolo. Ndiye mahedifoni amatsala pa interface. Ngati muli ndi interface ya Scarlett 2i2 kapena ina yotere zimayenda, hedifoni ili ndi voliyumu yakeyake, chibatani cha monitor pa interface mumachikweza n'kuchisiya pamenepo, masipika mukuwongolera pa Big Knob. Koma mono uja, dim uja, foni mwabaya ku B ija, zonsezo ku hedifoni sizifika chifukwa hedifoni yatengera mawu kabokosi kasanafike. Ndipo pobaya hedifoni pa interface ndi pamodzi, inu ndi woimba mukufuna awiri. Njira yotchipa ndi kugula ka headphone amp ngati Behringer HA400 ka mahedifoni anayi, n'kukadyetsa kuchokera pa hedifoni ya interface ndi chingwe cha TRS. Ena amayesa kukalumikiza ku B wa masipika, zimatheka ndi chingwe cha Y, koma pamenepo ukadina B masipika azima, ndipo ukagwira chibatani chachikulu voliyumu ya woimba nayo yasintha ali pakati pa vesi, akuyang'ana moipa. Komanso HA400 imafuna adaputala yake, ndiye kusafuna magetsi tinkanyadira kuja kwathera pomwepo, mabokosi akhala atatu m'chikwama.

Mtundu wa hedifoni nawo ukhudza. ATH-M50x ya Audio-Technica ndi 38 ohms, Sony MDR-7506 ndi 63, izi interface iliyonse imaziyendetsa popanda kudandaula. Koma DT 770 Pro ya Beyerdynamic imabwera ya 32, ya 80 ndi ya 250 ohms, ndipo ya 250 pa interface yodyera pa USB yokha nthawi zambiri imamveka yofooka, woimba amangoti kwezani man sindikudzimva, iwe wafika kale kumapeto. Amene muli ndi zoterezi mukufunika ampu ya hedifoni yeniyeni, kaya mkati mwa controller kaya payokha.

China choti mudziwe, ndipo ichi ndi chikhalidwe cha zibatani zopotokola za mtundu uwu pafupifupi zonse, osati cha kampani imodzi: ukatsitsa kufika pansi penipeni mbali imodzi imatha kumveka kuposa inzake, vokolo n'kupendekera kumanzere kapena kumanja. Mankhwala ake ndi osavuta, tsitsani level kumbuyo kwa masipika kuti chibatani chizigwira ntchito chapakati, cha m'ma 10 koloko mpaka 2 koloko, osati mukangokhudza pang'ono nyumba yonse yagwedezeka. Zingwe zikhale zazifupi komanso za balanced, TRS kupita ku TRS kapena ku XLR, chifukwa passive, kutanthauza kabokosi kosadya magetsi, ilibe choikankhira siginolo, chingwe chikatalika kwambiri mawu apamwamba amayamba kuzilala. Zingwe za gitala zija za mzere umodzi pa jack zimalira inde koma zimaitana hum, makamaka laputopu ili pa chaja. Muwerengeretu ndalama ya zingwe, pa peyala imodzi ya masipika zifunika zinayi, ziwiri zolowa ziwiri zotuluka, ndipo zabwino sizotchipa. Pa kamvekedwe, ndi zingwe zazifupi ine sindimva kusiyana pakati pa kudutsa mu kabokosi ndi kulumikiza mwachindunji, ndipo ndi chimene ndimafuna kwa chinthu chotere.

Ndiye agule ndani? Ngati muli ndi peyala imodzi ya masipika, interface ili pafupi ndi dzanja ndipo mumagwira nokha, mwina simukafuna n'komwe, ndalamayo gulani zophimba makoma kuti chipinda chisiye kubwezera mawu, phindu lake n'lalikulu kuposa. Ngati muli ndi mapeyala awiri, kapena interface ili kutali, kapena mumamikisa kwambiri kuposa kujambula, ka Passive n'koyenera ndithu, kunja kamagulitsidwa pansi pa madola 100 ngakhale kakafika kuno ndi transport ndi msonkho mtengo umakhala wina. Koma ngati tsiku lililonse muli ndi woimba pa maiki, onani Big Knob Studio, ili ndi pobaya mahedifoni pawiri, talkback yolankhulira ndi woimba, komanso ndi interface kale ya USB yokhala ndi ma preamp a Onyx, kungoti ndi yaikulu, imafuna magetsi ndipo mtengo umaposa kawiri. Behringer Monitor2USB nayo ili ndi ma ampu a hedifoni awiri komanso crossfeed, yomwe imasakaniza pang'ono kumanzere ndi kumanja kuti pa hedifoni zizimveka mofanana ndi masipika, kwa omikisa usiku imeneyo ndi nkhani yabwino. Radial MC3 ya ku Canada ili pakatikati, mbali ya masipika ndi passive, ili ndi potulutsira subwoofer, ndipo ampu ya hedifoni ilimo yodyera pa adaputala, koma thumba liyenera kukhala lokonzeka.

Ine ka Passive ndikasunga chifukwa ntchito yanga yambiri ndi kumikisa, ndipo pojambula HA400 imathandiza. Mukamatuma munthu wochokera ku Joni kapena ku UK kuti akubweretsereni, mutumizireni chithunzi cha kumbuyo kwake komanso dzina lonse, chifukwa zitatu zija maina ndi ofanana, ndipo mumuuze aikemo ndi zingwe za TRS zinayi zija nthawi imodzi.