Kusamutsa zinthu kupita mu laputopu yatsopano: intaneti, flash, wokonza kapena kabokosi?

Chigulireni laputopu yatsopano, anzanga akhala akundifunsa kuti mafayilo ndi mapulogalamu ndinawasamutsa bwanji. Ndiyankhe pano kamodzi.

Pa intaneti, mumakweza mafayilo n'kuwatsitsa mu laputopu yatsopano. Google Drive imapereka 15 GB yaulere, yomwe mumagawana ndi Gmail, pomwe OneDrive imapereka 5 GB. Pa zikalata za Word ndi Excel n'zokwanira. Koma mavidiyo a ukwati ayi, chifukwa bandulo mumaidya kawiri, pokweza ndi potsitsa. Flash ndi yotchipa, kungoti ikakhala yofomatidwa mwa mtundu wa FAT32 imakana fayilo yoposa 4 GB. Muifomate kukhala exFAT.

Tsopano kwa wokonza makompyuta, kumene ndinapsa. Mnyamata wina mutauni anandilonjeza kuti asamutsa zonse, mapulogalamu omwe. Ndinalipira. Poyatsa pa shopupo, tizithunzi tonse totsegulira mapulogalamu tinali pa desktop, ine mtima m'malo. Ndafika kunyumba, ndadina Word, zii. Ndadina pulogalamu yanga yowerengetsera ndalama, ikuti fayilo ina ikusowa. Mkuluyo anangokopera foda ya Program Files ndi tizithunzito basi!

Pulogalamu si nyimbo yoti mungoikopera. Mukamaiyika, imalemba zinthu zake mu registry, kaundula wamkati wa Windows, ndi m'mafoda ena ngati AppData, yomwe ndi yobisika. Office imafunanso product key, nambala yotsimikizira kuti munaigula, kapena akaunti ya Microsoft yomwe munagulira. Maimelo anga akale a Outlook, omwe anali mu fayilo ya .pst, anatsalira mu kompyuta yakale momwemo. Nditabwerera ku shopu ija, mnyamatayo anandiuza mosaphethira kuti kuyika mapulogalamu ndi mtengo wina. Okonza abwino alipo, koma ine mpaka pano ndikadutsa pa shopu imeneyo ndimayang'ana kumbali.

Pulogalamu ya PCmover Professional, ya kampani ya Laplink, imasamutsadi mapulogalamu ambiri, koma ndi yogula pa intaneti ndi khadi. Windows Easy Transfer ija ya pa Windows 7 musaifunefune, pa Windows 10 ndi 11 palibe, ndipo mapulogalamu sinkanyamula.

Chomwe chinandipulumutsa ndi kabokosi kolumikiza pa USB, kolowetsamo hard disk ya mtundu wa SATA. Mumachotsa hard disk mu laputopu yakale, kuilowetsa m'kabokosiko, n'kuilumikiza ku yatsopano ngati flash. Mafoda onse amaoneka, AppData yomwe mukauza Windows kuti ionetse zobisika. Bandulo osakhudzidwa, magetsi akazima mumapitiriza pa batire. Chenjerani pawiri pokha: onani kaye ngati disk yanu ndi ya SATA kapena ya M.2, chifukwa tibokosi take n'tosiyana, ndipo ngati ili ndi BitLocker, loko ya Windows yotsekera disk, lembani recovery key, nambala yoitsegulira, musanaichotse.

Mapulogalamu ndinawayika mwatsopano. Chrome, VLC ndi 7-Zip ndinawatenga limodzi pa webusaiti ya Ninite, Office ndinalowa ndi akaunti yanga. Disk yakale ndaisunga mu dirowa osaifomata, ndipo sabata yatha ndinakatengamo malisiti a 2022 omwe ndinawaiwala.