Amisiri amene anakonza maziko a nyumba yathu ku Machinjiri

Nyumba yathu inayamba kutitimira mbali ya kukhitchini itadutsa mvula ya namondwe wa Freddy mu Marichi 2023. Khoma linang'ambika kuchokera pawindo mpaka pansi, chitseko chinkakana kutsekeka, khonde nalo linapendekera kunyumba moti madzi ankadikha pakhomo penipeni.

Mmisiri woyamba anati angomata simenti pamng'alupo basi. Ndinakana. Wachiwiri, kontilakitala wa konkuno amene anali wolembetsedwa ku NCIC, bungwe loyang'anira ntchito za zomangamanga, anayamba wakumba m'mbali mwa khoma kuti aone maziko. Anapeza kuti ndi osazama, anakhala pa dothi lochita kuthira, ndipo madzi a padenga ankagwera pomwepo.

Chimene ndinakonda n'chakuti sanakumbe mbali yonse nthawi imodzi. Ankakumba kachigawo kamodzi pansi pa maziko, n'kuthira konkire ya miyala ya kwale ndi mchenga wa kumtsinje, n'kudikira kuti igwire, kenako n'kudumpha kukakumba pena. Bamboyo anandifotokozera kuti ukakumba ponse, khoma limasowa potsamira ndipo likhoza kugwa. Khonde analiswa lonse, anatsendera dothi bwinobwino, n'kuthira khonde lina lotsetserekera kubwalo. Anamanganso ngalande yotulutsa madzi kuseri.

Dandaulo langa lili pa simenti. Matumba anapitirira amene analemba pa kotesheni, ndipo anandiuza ntchito ili kale pakati, ine ndalama zitatha. Zinandipweteka. Anyamata akenso Lolemba ankafika dzuwa litakwera.

Koma dzinja ladutsa, mng'alu sunabwerere, chitseko chikutsekeka. Mukafuna kumulemba ntchito, mugwirizane kaye za matumba oonjezera papepala, ndipo muzilipira chigawo chilichonse chikatha.